Tsekwe wa Agogo Guda

Ulfenberg, pa 2 Meyi 1468

Achemwali anga a Richenza,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye, ndipo ndikhulupirira kuti mawondo anu aja akugwadabe. Kuno tili moyo. Denga la kumpoto lokha ndi limene likudontha, lija malemu amuna anga analonjeza kuti akonza, n'kumwalira kuti asakonze.

Nkhani ndi iyi. Alamu anga a Dietmar, amene chimwalirireni akulu awo akhala akutilamulira ngati anatigula pamsika, amupezera Jutta mwamuna. Mwamunayo ndi a Eberwin a kutsidya kwa mtsinje. Inde, omwe aja. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, mano atatu m'kamwa, akazi atatu kumanda. Mwana wanga ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ukwati auika pa tsiku la Martini Woyera, pa 11 Novembala, ndipo atsekwe a phwando ayamba kale kuwanenepetsa.

Tsono ndamva kwa Kunz wa ngolo ya mchere kuti Adona Sigena atisiya. Mulungu awalandire, ngati wakonzeka. Ndiye kuti mwa mipando khumi ndi iwiri ya m'Nyumba ya Madona kwanuko ku Ermelborn, umodzi ulibe mwini. Ndinawafunsa alamu kuti, "Nanga Jutta atalowa kwa madona?" Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Mlamu, akamulandira tsiku la Martini lisanakwane, kwa a Eberwin ndikapepesa ndekha. Koma kumene kuja salowa ndi nkhope yokongola ayi, amalowa ndi akufa." Ndinawalumbiritsa pamaso pa wansembe asanamalize kusekako.

Lamulo mukulidziwa kuposa ine. Pafunika chikopa chojambulapo zishango za zizindikiro za mabanja a makolo asanu ndi atatu, agogo anayi a bambo ake ndi agogo athu ife anayi. Chipachikidwe pakhoma masabata asanu ndi limodzi kuti wokayika akayike, kenako mabwana anayi alumbire kuti m'magazi a mwanayo simunagwerepo dontho la munthu wamba. Zishango zisanu ndi ziwiri ndazipeza, zili pamanda, wojambula wangokopera. Chasowa n'cha Agogo Guda, amayi awo a bambo athu. Pamanda pawo pali mtanda wokha basi. Koma inu polowa kumeneko munapereka chikopa cha agogo athu anayi omwewa, ndiye chishango chawo chili m'bokosi la makalata la nyumba yanuyo. Ndijambulireni, ngakhale ndi khala.

Munditumizirenso mankhwala anu a chifuwa aja. Owawa aja, osati otsekemera, otsekemerawo alamu amangomwa ngati vinyo.

Ine mng'ono wanu,
Heilwig


Ermelborn, pa 9 Juni

Heilwig mng'ono wanga,

Moni wako wafika, pamodzi ndi fungo la mchere ndi la Kunz. Mawondo akugwada bwinobwino. Kudzuka ndiye nkhani ina.

Za Jutta ndawerenga kawiri, ndipo ndikuti usapupulume. Anthu akunjanu mumaganiza kuti ife timangokhala pazenera n'kumadya maapulo. Moyo wa kuno ndi wolimba, mwana wa amayi. Tchalitchi chimazizira ngati mtima wa apongozi ako aja. Timaimba masalimo kasanu ndi kawiri pa tsiku, ndipo Adona Osanna amatsogola ndi mawu awiri nthawi zonse kuti akafike kumwamba anzawo asanafike. Chaka chatha tinatha miyezi inayi osalankhulana chifukwa cha funso loti ndani ayenera kuyamba kulowa pakhomo la chipinda chodyera. Awiri anafika pokanirirana pakhomopo, mpaka msuzi unazizira. Mwana wako wofatsa uja angapirire zimenezi?

Komanso taganiza bwino za a Eberwin. Mwamuna wa zaka zimenezo si chilango, ndi chiyembekezo. Zaka ziwiri, zikachuluka zitatu, Jutta avala zakuda, makiyi a linga lonse ali m'chiuno. Pa maudindo onse amene Mulungu anakonzera mkazi wa mtundu wathu, umasiye ndi umene uli ndi mpando wofewa.

Za chishango zija n'zovuta pang'ono. Ine ndimayang'anira nkhokwe, osati makalata. Kiyi wa bokosilo ali ndi a Osanna omwewo, ndipo nawonso ali ndi mwana wa achimwene awo amene akumufunira mpando wa malemuwo. Ndikawapempha kiyi ayamba kununkhiza. Ndiponso makoswe a kuno amakonda zikopa zakale, makamaka za mabanja abwino. Mwina changacho anachidya kalekale. Tiye tidikire tione.

Mankhwala nawa. Ukapha nkhumba ukumbukire kuti uli ndi mkulu wako.

Richenza


Ulfenberg, pa 30 Juni

Achemwali,

Moni, ndipo pepani ndi mavuto anu aakuluwo. Kunz akuti muli ndi nyumba yanuyanu, ng'anjo yotenthetsa chipinda, mayi wokuphikirani, ndi kagalu kovala malaya. Akutinso chaka chatha munakakhala masabata atatu kumadzi otentha chifukwa cha mawondo. Ngati kumeneko n'kuvutika, mundipempherere nane ndivutikeko.

Umasiye wa mpando wofewa mukuunenawo ine ndili nawo. Sindingadule mtengo m'nkhalango yanga osapempha alamu. Ndipo akazi atatu aja nawonso anawerengera zaka ziwiri, zikachuluka zitatu. Onse agona pamzere kuseri kwa tchalitchi, mwini wake akudyabe nyama ndi mano atatu omwe aja.

A Eberwin anabwera Lamulungu kudzaona katundu wawo. Anatsika pakavalo mothandizidwa ndi amuna awiri ndi mpando. Anamuyang'ana Jutta kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa kuti, "Amatha kutikita msana?" Ndinati, "Amatha kuwerenga Chilatini, bwana." Akuti, "Palibe kanthu, adzasiya." Kenako anamupatsa mphete. Mphete imeneyo ndikuidziwa, Achemwali. Ndinaiona pa chala cha mkazi wawo wachiwiri, ndinaionanso pa chala cha wachitatu. Itamukulira, akuti, "Ukulungepo ulusi, mwanawe. Anzako ankatero."

Tsono mundiuze zoona. Mukuchita nafe manyazi? Kapena mukuopa kuti m'nyumbamo mukalowa mtsikana wa nkhope yathu, anthu ayamba kuwerenga makwinya anu? Sindinakupempheni kuti mube kiyi wa kumwamba. Ndakupemphani chithunzi chimodzi cha agogo anu omwe. Nkhumba sitinaphe.

Heilwig

Amayi aakulu, ndine Jutta, ndalanda cholembera. Kuzizira sindikuopa, kuno nako kumazizira. Pakhomo la chipinda chodyera ndizilowa womaliza tsiku lililonse mpaka imfa. Kagalu kanu ndizikasambitsa. A Eberwin akamaseka ndimaona manda atatu. Chonde.


Ermelborn, pa 21 Julayi

Heilwig,

Kalata iyi ndaibisa m'kati mwa tchizi n'kumatapo phula, chifukwa Kunz sadziwa kuwerenga koma amadziwa anthu ambiri odziwa kuwerenga. Ndamuuza akuuze kuti udule wekha tsiku lomwelo. Ukawerenga uponye pamoto.

Agogo Guda analibe chishango. Bambo awo anali ofulula mowa m'tauni, eni ake a nyumba ya alendo ya pafupi ndi mlatho, ija pakhomo pake pamalendewera thabwa la tsekwe. Agogo aamuna anapita kumeneko kukamwa, anakhalako sabata, n'kubwerako ndi mkazi. Mkaziyo ndi amene anautsa linga lathu litagwa mbali imodzi, n'kuphunzitsa banja lonse kudzuka m'mawa. Koma zinthu zotere sazijambula pachikopa.

Pamene ndinkalowa kuno, bambo anaitana wojambula n'kumuuza kuti, "Pamalo pa amayi anga uikepo chilichonse chooneka chakale." Linali Lachisanu, munthuyo anali atangodya kumene nsomba. Ndiye ine ndakhala pampando uno zaka makumi atatu ndi chimodzi mwa chifundo cha nsomba zitatu zoyera zimene sizinasambirepo m'madzi a banja lililonse. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, sanakuuze. Ine anandiuzira m'ngolo, titafika kale patali poti sindikanatha kubwerera wapansi.

Nthawi imeneyo Adona Akulu a nyumba ino anali osaona bwino, ndipo palibe amene ankasuzumira zikopa. Masiku ano kwabwera magalasi a maso, ndipo a Osanna ali nawo. N'chifukwa chake ndinakulembera zopusa zija za umasiye. Ndinachita mantha kuti nsomba zanga zikapachikidwanso pakhoma, wina adzafunsa kuti zinavuulidwa kuti. Koma mizere ya Jutta ija yandilanda chilakolako cha chakudya, ndipo ukudziwa kuti kwa ine imeneyo si nkhani yaing'ono.

Nsombazo ndazijambula kuseri kwa kalata ino. Wojambula wako akopere momwemo, zitatu, ziyang'ane kumanzere. Mwina bodza lokalamba likhoza kuberekanso kamodzi.

Chinthu chimodzi chokha. Bokosi la Agogo lija unapita nalo ku ukwati, wojambula asalione. Uliphimbe, ulikhalire, uchite chilichonse, koma asalione.

Richenza


Ulfenberg, pa 28 Ogasiti

Achemwali,

Moni, ngakhale simunaupemphe. Ine ndinakulemberani misozi ili m'maso, mwana wanga anakugwadirani ndi cholembera, inu mwatiyankha ndi tchizi. Ndinamufunsa Kunz kuti, "Kalata ili kuti?" Akuti, "Palibe, mayi. Angoti mudye msanga." Ndidye msanga! Ndachiika pamwamba penipeni m'nkhokwe. Chidzadyedwa pa ukwati wa Jutta ngati ukwatiwo uchitike, kuti inunso mudzakhalepo m'maonekedwe okuyenerani: chouma kunja, chomveka fungo patali.

Ndinadikira mwezi wathunthu kuti mwina kalata ikubwera pambuyo. Kenako ndinasiya kudikira. Musavutikenso, Mulungu waona kuti abale alephera, wathandiza yekha. Ndikufunafuna nsalu m'chipinda cha pamwamba, ndinakankha bokosi la Agogo lija, ndipo pa chivundikiro chake, pansi pa fumbi la zaka makumi awiri, ndinapeza chishango! Chosemedwa bwino kwambiri. Tsekwe wotambasula mapiko, ataima pa chinthu chozungulira, atazingidwa ndi nkhata ya masamba. Ndinalira, Achemwali. Ndinati Agogo amva okha kumandako.

Wojambula anatsegula mabuku ake onse koma sanachipezemo. Anangoti nkhope ya tsekweyo si yachilendo kwenikweni kwa iye. Ndinamuuza kuti ndiye kuti ndi banja lakale kwambiri, lakale kuposa mabukuwo. Chozunguliracho iye ankati chikuoneka ngati mgolo, ine ndinamulangiza kuti ndi nsanja ya linga imene wosema anaifupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi, n'kuyamba kujambula. Amisiri amafunika kuwatsogolera. Tsekweyo tamupaka golide, poti banja lakale chotere silingayende ndi utoto wamba.

Chikopa ndatumiza kwa Adona Akulu enieniwo ndi munthu wa pakavalo, kuti inu musadetse manja ndi abale akumudzi. Mabwana anayi olumbira ndawapeza kale, anzawo a malemu. Mukachiona pakhoma musachite kunena kuti mumatidziwa.

Heilwig


Ermelborn, pa 21 Sepitembala

Heilwig,

Dula tchizi. Usawerenge mzere wina usanadule tchizi chija.

Wadula? Wawerenga? Chabwino. Khala pansi, moni ndikupatsa ukakhala.

Dzulo tsekwe wako wapachikidwa m'chipinda cha misonkhano, wagolide, wowala moti munthu akhoza kusokera nsalu pafupi naye. Ine mwezi ndi mwezi ndimapita m'tauni kukasankha mowa wa nyumba ino, ndipo ndimalowera pansi pa mchimwene wake wa tsekweyu. Ndi yemweyo, Heilwig, mpaka phiko lakumanzere lopindika lija. Mgolo ndi mgolo, si nsanja ayi. Masambawo ndi aja amathira m'mowa kuti uwawe.

Madona anaima pamzere kudzamuona. Wina akuti, "Banja la kumpoto limeneli." Mnzake akuti, "Ayi, ndi la kuseri kwa mapiri, azakhali anga anakwatiwa moyandikana nawo." Wachitatu anakumbukira kuti bambo ake anamenya nawo nkhondo pamodzi. Palibe dona muno amene angavomere kuti kunja kuno kuli banja labwino limene iye sakulidziwa. Wansembe wathu yekha ndi amene analowa, n'kuyang'ana, n'kutsokomola, n'kutuluka changu ngati wasiya mkaka pamoto. Ameneyo sanena kanthu. Angamufunse kuti tsekweyo anadziwana naye kuti.

Koma a Osanna anavala magalasi. Anaima pamenepo nthawi yokwana kuphika dzira mpaka kulimba. Kenako anatembenuka. "A Richenza, Guda ameneyu si agogo anu?" Ndinati ndi omwewo. Akuti, "Zodabwitsa. Ine ndimakumbukira ngati anali nsomba." Ndinati, "Kukumbukira kumavuta tikamakula, Adona." Akuti, "N'chifukwa chake timasunga zikopa." Ndipo anagwedeza kiyi uja kuti ndimumve.

Kutsitsa chikopa sikungathandize. Chotsitsidwa sichibwereranso pakhoma, ndipo chatsopano chingafune masabata ake asanu ndi limodzi, Martini n'kudutsa. Msonkhano ndi wa pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa onse. Ndiye Agogo adzakhalapo ndithu, sindikudziwa ngati adzabwera chosambira kapena chouluka.

Moni tsopano. Ndinakuuza kuti ulikhalire bokosilo, sindinati ulipake golide.

Richenza


Ulfenberg, pa 6 Okutobala

Achemwali anga okondedwa,

Ndadula. Ndawerenga. Tchizicho chinali chabwino kwambiri, tadya ndi manyazi.

Bokosi lija ndalikhalira tsopano, mochedwa, mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ndiye n'chifukwa chake Agogo ankanyamula zikho zisanu ndi chimodzi dzanja limodzi osataya dontho! Ine ndinkati ndi maphunziro a kunyumba ya mfumu. N'chifukwa chake ankati akanunkhiza mowa ankatchula tsiku limene unafululidwa. Mukukumbukira bwana woledzera uja anavuta pa phwando la ubatizo? Amuna onse akukambirana za ulemu wake, Agogo anangomugwira kukhosi kwa malaya ndi kulamba, n'kukamuika panja ngati thumba la balere. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuuza Jutta kuti aziyenda ngati mdzukulu wa Agogo Guda. Mwina sindinalakwitse.

Pepani pa za makwinya zija. Alipo, koma sindinayenere kunena.

Jutta ndamuuza zonse. Anaseka kaye mpaka kugwira khoma, kenako anasiya. Lero m'mawa ndamupeza pazenera akukulunga ulusi pa mphete ija. Akuti, "Amayi, kusiyana n'kuti amayi aakulu achotsedwe pampando atakula chonchi, ndikatikita msanawo. Mwina ulendo uno atsogola kumanda ndi a Eberwin." Ndinangomulanda ulusiwo n'kumuuza kuti wasankha mtundu wolakwika.

Inunso sindikupemphani kanthu. Mukawauza madona kuti tsekweyo ndi kulakwitsa kwa mng'ono wanu wopusa, simunanamiretu, ndipo kuno palibe amene adzakuimbeni mlandu. Nyumba imeneyo ndi yokhayo imene mukuidziwa chichokereni kwathu muli ndi zaka khumi ndi zinayi. Ine ndi amene ndinasunga tchizi.

Atsekwe a phwando anenepa moti akulephera kuyenda. Ndikamawapatsa chakudya ndimaona ngati ndikuyang'ana abale.

Ine mng'ono wanu,
Heilwig


Ermelborn, pa 2 Novembala

Heilwig,

Moni wachidule, wa pakavalo akudikira pachipata. Umuuze Jutta amasule ulusi uja.

Mabwana ako anayi anafika dzulo. Atalowa n'kuona tsekwe pakhoma, onse anayi anayang'anizana. Mmodzi anameza malovu ngati wamva ludzu. Koma analumbira bwinobwino, manja m'mwamba, maso kudenga. Bwana amene anganene kuti tsekweyo amamudziwa ayenera kukafotokozera mkazi wake kumene amapita akatsanzika kuti akukasaka nyama.

Tisanalowe mumsonkhano ndinawapeza a Osanna pakhonde. Ndinati, "Adona, ndikudziwa kuti tsekwe uja mwafufuza kwawo." Akuti, "Wantchito wanga ali ndi miyendo." Ndinati, "Ine m'tauni ndimapita ndekha. Ndikachoka pamlatho ndimadutsa kwa ogulitsa nyama. Pakhomo pawo pali thabwa la nkhosa yamphongo yakuda, nyanga imodzi yothyoka. Ndikaiona ndimakumbukira chishango chachitatu cha pachikopa chanu." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anapukuta nthawi yaitali. Akuti, "Nyama za pazishango zimafanana, a Richenza." Ndinati, "Zimafanana kwambiri, Adona." Za mowa sizinatchulidwenso.

Koma nsomba zanga anali atazipereka kale kwa Adona Akulu, ndipo tinazipeza patebulo, pambali pa tsekwe. Adona Akulu anati, "A Richenza, mayi mmodzi sangakhale nsomba ndi mbalame. Chimodzi mwa zikopa ziwirizi n'chabodza, ndipo mwini wa chabodzacho sangakhale m'nyumba ino. Agogowo munawadziwa ndinu. Tiuzeni."

Ndinayang'ana nsomba zanga. Zandidyetsa zaka makumi atatu ndi chimodzi, zandifunditsa, zandipezera kagalu. Ndinayang'ana tsekwe wako wopusayo, ataima pamgolo wake ngati bishopu. Ndinakumbukira m'ngolo muja, bambo akundiuza kuti dzina la amayi awo ndizilitchula motsitsa mawu. Ndiye ndinaimirira, mawondo akulira kuti nyumba yonse imve, n'kunena kuti, "Adona Akulu, nsombazo sindikuzidziwa. Agogo anga ndi tsekweyo." Heilwig, chilowereni muno amenewa ndi mawu oona oyamba amene ndalumbirapo, ndipo ndi amene andichotsa.

Adona Akulu ndi munthu wanzeru, nawonso ali ndi makolo. Anati phokoso silifunika, m'buku alemba kuti ndapuma chifukwa cha mawondo. Jutta amulandira madona onse, a Osanna poyamba monga amachitira ndi masalimo. Mpando wanga ukupita kwa mwana wa achimwene awo uja, ndiye aliyense wadya.

Nditatuluka ndinapita kunkhokwe kukapereka makiyi. Ndinatsekula mgolo uliwonse n'kununkhiza, ngati kuti mowa ungandisowe. Za misozi usandifunse, munali anyezi.

Nyumba yanga ndi ng'anjo yake ndasiyira Jutta. Anyamuke mawa lomwe, alamu ako asanapeze wansembe wowamasula pa lumbiro lawo. Ngolo imene imubweretse ndi yomwe indinyamule. Ndikufuna chipinda cha kumwera, osati chodontha chija. Kagalu kakubwera nane, ndipo kamagona pabedi.

Richenza


Ulfenberg, pa 20 Januwale 1469

Jutta mwana wanga,

Moni, Adona. Ukudya? Malaya aubweya aja ukuvala? Amayi ako aakulu akuti ngati ukulowabe womaliza pakhomo la chipinda chodyera, chaka chino upirire, koma chaka chamawa uyambe kusendera kutsogolo pang'onopang'ono, chigongono chili panja.

Bambo ako aang'ono anakapepesa okha kwa a Eberwin monga analumbirira, ndipo anatha sabata osatilankhula, imene inali sabata yabwino kwambiri. Atsekwe tinadya tokha pa tsiku la Martini. Amayi ako aakulu anawapempherera ngati maliro a m'bale, kenako anadya miyendo iwiri.

Ndinawasowa zaka makumi atatu ndi chimodzi, mwana wanga. Tsopano ndikusowa makalata awo, chifukwa kalata umatha kuipinda n'kuitsekera m'bokosi. Makiyi a nkhokwe anandilanda tsiku lachiwiri. Mowa wathu analawa n'kulavula, ndipo panopa akufulula okha, akuti ndi za m'magazi. Denga la kumpoto lakonzedwa. Sanakalipe ayi, anangowayang'ana bambo ako aang'ono nthawi yaitali, mawa lake amisiri anakwera. Bokosi la Agogo alitsitsa, lili m'chipinda cholandirira alendo, tsekwe akuyang'ana kukhomo. Masiku ena ndimawapeza ataima pazenera la kumwera nthawi ya masalimo, milomo ikuyenda. Ndikalowa amati akuwerenga nkhuku. Uziwalembera pafupipafupi, ndipo uziwanamiza kuti nkhokwe yasokonekera chichokereni iwo.

Koma tamva izi. Sabata ya Khirisimasi kunafika a Eberwin, ndi amuna awo awiri ndi mpando. Ine ndinkati adzatenga mphete yawo. Ayi ndithu. Akuti amva kuti m'nyumba muno muli dona wina wosakwatiwa, wodziwa kusunga nkhokwe, ndipo poti madona a ku Ermelborn salumbira zokana banja, mphete ikhoza kungosintha chala. Amayi ako aakulu anawamvetsera mpaka kumapeto, kagalu kali pamiyendo. Kenako anati, "Bwana, mwandilemekeza. Koma ine ndinazolowera dongosolo. Bweretsani chikopa cha makolo anu asanu ndi atatu, tichipachike pakhoma apa masabata asanu ndi limodzi, ndichione bwinobwino. Ndikuuzirenitu kuti m'tauni ndinayendamo kwambiri." A Eberwin anatafuna mano awo atatu aja, n'kuitanitsa mpando wawo wokwerera.

Tinkati nkhani yathera pomwepo. Koma dzulo Kunz wabwera ndi mchere. Akuti Lachiwiri anawaona m'tauni, akuyenda pang'onopang'ono mumsewu wa amalonda, mutu uli m'mwamba, akuyang'ana matabwa a pamakomo limodzilimodzi. Kenako anamuimitsa n'kumufunsa kumene amakhala wojambula uja.

Utitumizire makandulo a phula akapezeka. Ndipo ukawafunse a Osanna mwaulemu ngati angatibwereke magalasi.

Mayi ako,
Heilwig